Kusankha Zida Zotengulira Mitengo

Kubzala mtengo ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma kuulera ndi ntchito ya zaka zambiri. M'dziko lathu la Malawi, Tsiku Lobzala Mitengo linakhazikitsidwa m'chaka cha 1976, ndipo linkachitika pa 21 Januwale. Masiku ano tili ndi nyengo yonse yobzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Ana a sukulu ambiri amabzala nawo mitengo pa nyengo imeneyi. Koma mtengo ukagwira, ntchito imakhala isanathe. Pamafunika kuupalira, kuuteteza ku mbuzi ndi ku moto, ndiponso kuutengulira.

Kutengulira ndiko kuchotsa nthambi zina za mtengo kuti zotsalazo zikule bwino. Anthu ena amati kudulira, ena amati kusadza. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi zida zosiyanasiyana, ndipo chida chilichonse chili ndi nthambi zake zochiyenera. Munthu wodziwa kusankha chida amasiya mtengo uli wathanzi. Wosadziwa amaupweteka, ngakhale cholinga chake chinali chabwino.

Chifukwa chotengulira mitengo

Timatengulira mitengo pa zifukwa zingapo. Choyamba, timachotsa nthambi zouma, zothyoka ndi zodwala, kuti matenda asafalikire mtengo wonse. Chachiwiri, timachotsa nthambi zopingasana, chifukwa mphepo ikamawomba zimakhulana ndi kusupulana makungwa. Chachitatu, timapungula nthambi zothinana kuti dzuwa ndi mpweya zilowe m'kati mwa mtengo. Mtengo wa malalanje wothinana kwambiri umabereka kunsonga kokha, m'kati muli mdima.

Palinso chifukwa china. Malo alionse pamene pali nthambi pamasiya mfundo m'thabwa. Thabwa la mfundo zambiri silichedwa kuthyoka, ndipo amisiri a matabwa salikonda. N'chifukwa chake osamala nkhalango za paini, monga za ku Chikangawa pa mapiri a Viphya, za ku Zomba ndi za ku Dedza, amachotsa nthambi za m'munsi mitengo ikadali yaing'ono. Thunthu likamakula, mtengo watsopano umene umakuta kunja kwake umakhala wopanda mfundo. Komanso moto wa m'tchire ukabwera, umasowa nthambi za m'munsi zokwererapo.

Podula ndi pabala

Tisanakambe za zida, pali chinthu chimodzi choyenera kuchimvetsa bwino. Malo alionse pamene tadula nthambi timasiya bala pa mtengo.

Inu mukadzicheka chala, bala limapola ndipo khungu limabwerera mwakale. Mtengo suchita choncho ayi. Mbali imene yavulala imakhala yovulala mpaka kalekale. Chimene mtengo umachita ndi kutseka njira m'kati mwake kuti kuola kusapitirire, kenaka umayamba kukuta balalo ndi mtengo watsopano kuchokera m'mphepete. Ngati munaonapo thunthu lokhala ndi chipsera chozungulira ngati nkhata, ndiye kuti munaona mtengo ukukuta bala lake.

Ntchito yokutayi imachitika pang'onopang'ono. Bala laling'ono ndi losalala likhoza kutsekeka m'chaka chimodzi. Bala lalikulu ndi lokumbikakumbika limatenga zaka zambiri, ndipo nthawi zina silitsekeka konse. Pa nthawi yonseyo madzi a mvula amakhazikika m'timaenje ta pabalapo. Nkhungu ndi bowa zimayamba kumera, mbozi zoboola mitengo zimalowa, chiswe nacho chimatsatira. Patapita zaka, mtengo umaoneka wabwinobwino kunja, m'kati muli mphako. Tsiku lina kukawomba chimphepo umagwera nyumba kapena khola.

Munthu amene anathandiza kwambiri kuti zimenezi zidziwike ndi Alex Shigo, katswiri wa za mitengo wa ku America. M'zaka za m'ma 1970 iye anang'amba mitengo yambirimbiri m'litali mwake kuti aone mmene kuola kumayendera m'kati. Anapeza kuti kudula nthambi mosenda thunthu kumavulaza mtengo kwambiri. Anapezanso kuti kupaka penti kapena phula pa bala sikuletsa kuola. Kale anthu ankaphunzitsidwa kupaka penti podulapo, koma lero akatswiri amati mankhwala a bala la mtengo ndiwo kudula bwino.

Tsono chida chabwino ndi chimene chimasiya bala laling'ono, losalala ndi laukhondo. Kuti tichipeze, tiyenera kuyang'ana nthambi tisanatenge chida. Tidzifunse mafunso atatu. Kodi nthambiyi ndi yonenepa bwanji? Kodi ndi yaiwisi kapena youma? Nanga ili pafupi kapena pamwamba?

Mpeni

Timphukira tanthete tomera m'tsinde mwa kamtengo sitifuna chida chilichonse. Timangotithothola ndi zala tisanakhwime. Akulu anati m'mera mpoyamba. Kanthambi kamene mungakachotse ndi zala lero kadzafuna sowo pakapita zaka zitatu.

Tinthambi tonenepa ngati pensulo timadulidwa ndi mpeni. Mpeni wotengulira umakhala wopindika kunsonga ngati mlomo wa kabawi, kuti uzikola nthambi poukoka. Mpeni woongoka nawonso umagwira ntchito, malinga ukhale wakuthwa kwambiri. Podula timakoka kamodzi kokha mopendeketsa, dzanja linalo litagwira nthambi m'munsi mwa podulapo.

Ku Thyolo ndi ku Mulanje mpeni wopindika uli ndi ntchito yaikulu. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891. Mwina simudziwa kuti tiyi ndi mtengo. Atangosiyidwa osamudula, akhoza kutalika kupitirira denga la nyumba. Koma m'minda ya tiyi mitengoyi imalekeza m'chiuno, chifukwa pakapita zaka zingapo antchito amaidulira ndi mipeni yopindika. Akatero imaphuka nthambi zatsopano zambiri, ndipo masamba anthete amakhala pofikira manja a othyola.

Sizasi ya mitengo

Nthambi zonenepa ngati chala chachikulu cha munthu wamkulu, kapena kuti masentimita 2, zimadulidwa ndi sizasi ya mitengo. Alangizi a zaulimi amaitcha secateurs. Dzina limeneli ndi la Chifalansa, pakuti chidachi chinapangidwa koyamba ku France zaka zoposa 200 zapitazo. Sizasi imeneyi ndi yaifupi ndi yolimba kuposa ya telala. Ili ndi sipuling'i yoitsegula yokha, ndiponso kachitsulo koitsekera ikatha ntchito.

Pali mitundu iwiri ya sizasi ya mitengo. Mtundu woyamba uli ndi zitsulo ziwiri zimene zimapitirirana, monga imachitira sizasi ya telala. Umenewu umadula mosalala, ndipo ndi woyenera nthambi zaziwisi. Mtundu wachiwiri uli ndi mpeni umodzi umene umagwera pa kachitsulo kafulati, monga mpeni umagwera pa thabwa podula nyama. Umenewu uli ndi mphamvu pa nthambi zouma, koma nthambi yaiwisi umaifinya ndi kuiphwanya khungwa. Mlimi wa zipatso amene angathe kugula sizasi imodzi yokha asankhe ya mtundu woyamba.

Podula ndi sizasi timayang'ana diso la nthambi, ndiye kuti pamene padzatuluke mphukira. Timadula pamwamba pa disolo pang'ono, ngati theka la sentimita, mopendeketsa kuti madzi azitsetserekera kumbali ina. Tikasiya mpata waukulu, kansongako kamauma ndi kuyamba kuola. Tikadula pafupi kwambiri, disolo limafa.

Nthambi ikakana kuduka, musapotokole sizasi uku ndi uku. Kukanako ndi chizindikiro chakuti nthambiyo yaposa mphamvu ya chidacho. Mukaumiriza, zitsulo zimatagadzuka ndipo sizidzadulanso bwino.

Sizasi ya mipini italiitali

Nthambi zonenepa ngati mpini wa khasu, kuyambira masentimita 2 mpaka 4 kapena 5, zimafuna sizasi ya mipini italiitali. Imeneyi imagwiridwa ndi manja awiri. Kodi munaonapo anthu akugudubuza mwala waukulu ndi mtengo wautali? Mtengowo ukatalika, mwala umapepuka. Ndi mmenenso mipini italiitali imathandizira. Munthu amakanikiza pang'ono kumapeto kwa mipini, koma kukamwa kwa sizasi kumafika mphamvu yaikulu.

Chida chimenechi chimathandizanso pa mitengo ya minga monga mandimu ndi manachesi. Mlimi wa ku Mwanza akhoza kufikira nthambi ya m'kati mwa mtengo wa manachesi manja ake osabayidwa.

Sowo

Nthambi iliyonse yoposa mpini wa khasu imafuna sowo, imene ena amaitcha macheka. Sowo yotengulira mitengo ndi yosiyana ndi ya kalipentala. Ya kalipentala ili ndi mano ang'onoang'ono oyandikana, oyenera matabwa ouma. Mukaiika pa nthambi yaiwisi, utuchi wonyowa umamata m'manomo ndipo sowo imagwidwa. Sowo yotengulira ili ndi mano akuluakulu otalikirana, kotero kuti utuchi umagwa wokha. Zambiri zimakhala zopindika ndi zopyapyala kunsonga kuti zizilowa pakati pa nthambi. Zimadula pozikoka, osati pozikankha, choncho musalimbane nazo. Kokani mofatsa, mano agwire okha ntchito.

Palinso sowo yooneka ngati uta. Imeneyi imadula msanga nthambi zikuluzikulu ndi nkhuni, koma utawo umakodwa pamene nthambi zathinana. Ndi yabwino pa malo opanda zopinga.

Nthambi za pamwamba zimadulidwa ndi sowo yokhala kunsonga kwa ndodo yaitali. Alimi ena amaipanga okha pomangirira zolimba sowo yopindika ku nsungwi yokhwima. Ubwino wake ndi wakuti wodulayo amaima pansi, sakwera mu mtengo. Aime chapambali, osati pansi penipeni pa nthambi imene akudula.

Sowo ya injini ndi ya anthu okhawo amene anaphunzira kuigwiritsa ntchito, ndipo amavala zodzitetezera. Imadula mofulumira kwambiri, moti munthu akalakwitsa sakhala ndi nthawi yobweza dzanja.

Chikwanje ndi nkhwangwa

M'midzi mwathu nyumba zambiri zilibe sizasi kapena sowo, koma chikwanje ndi nkhwangwa sizisowa. Kodi zida zimenezi zingagwire ntchito yotengulira?

Nkhwangwa ntchito yake ndi kugwetsa mitengo ndi kuwaza nkhuni. Ikamenya nthambi imagwedeza mtengo wonse, imasiya bala lokumbikakumbika, ndipo ikaphonya imatema thunthu. Nkhwangwa isayandikire mtengo wa zipatso umene tikufuna kuti ukhalitse.

Chikwanje chili ndi malo ake. Chimathandiza pa mitengo ya m'munda imene imaphukanso msanga ikadulidwa, monga gilisidiya, amene alimi amadula nthambi zake kuti masamba asanduke manyowa. Chimathandizanso pa mipanda ya mitengo. Koma chikhale chonoledwa bwino, ndipo potema tiyambire pansi pa nthambi kulozetsa m'mwamba, mopendeketsa. Nthambi yaing'ono iduke ndi kutema kumodzi. Tikatema kuchokera pamwamba, nthambi imang'aluka isanaduke, ndipo mng'aluwo umatsikira ku thunthu.

Pa mango, mapeyala, malalanje ndi mitengo ya matabwa, ndi bwino kukabwereka sowo kwa mnansi kusiyana ndi kuthamangira chikwanje. Kubwereka kumatenga ola limodzi, koma bala la chikwanje mtengo umakhala nalo zaka.

Kadulidwe ka nthambi yaikulu

Chida choyenera chimafunanso kadulidwe koyenera. Nthambi yaikulu ndi yolemera. Mukaicheka kuchokera pamwamba pokha, imathyoka musanamalize, ndipo pogwa imasenda khungwa la thunthu ngati munthu akusenda luzi. Pofuna kupewa zimenezi timacheka katatu.

Poyamba timacheka pansi pa nthambi, pa mtunda wa masentimita 30 kuchokera pa thunthu. Timalekeza sowo ikalowa gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambiyo. Kachiwiri timacheka pamwamba, chakunsonga pang'ono kwa pamene tinacheka poyamba, mpaka nthambi itagwa. Khungwa likayamba kusendeka limalekeza pa mcheko woyamba uja. Tsopano patsala chitsa chachifupi chopepuka. Kachitatu timachotsa chitsacho.

Mcheko wachitatu ndiwo wofunika kuposa yonse. Yang'anani pamene nthambi yalumikizana ndi thunthu. Mudzaona kuti m'tsinde mwa nthambi ndi motupa pang'ono, ndipo khungwa lake ndi lamakwinya. Malo amenewa tingawatche khosi la nthambi. Khosili ndilo limakuta bala. Chekani kunja kwake pang'ono, osalivulaza. Mukasenda khosi mpaka pa thunthu, bala limakula ndipo mtengo umasowa chotsekera. Mukasiya chitsa chachitali, chimauma, chimaola, ndipo kuolako kumalowa m'thunthu.

Musachotse nthambi zambiri nthawi imodzi. Masamba ndiwo amapanga chakudya cha mtengo. Pa chaka chimodzi tisachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a nthambi zamoyo. Mitengo ya zipatso monga mango ndi malalanje imatenguliridwa zipatso zikatha. Mapichesi amatenguliridwa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, masamba atayoyoka. Tisankhe tsiku lopanda mvula kuti mabala aume msanga.

Pogula zida

Zida zimagulidwa ndi ndalama, ndipo ndalama sizipezeka mosavuta. Choncho wogula ayambe waganiza za mitengo imene ali nayo. Amene ali ndi mitengo ikuluikulu ya mango ayambe ndi sowo, pakuti mabala oopsa amachokera ku nthambi zikuluzikulu. Amene ali ndi nazale, khofi kapena timitengo ta zipatso tating'ono ayambe ndi sizasi.

M'sitolo musakopeke ndi utoto wa chida. Pali mwambi wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chigwireni chidacho m'manja. Onani ngati chikukwana m'dzanja lanu ndiponso ngati sichikulemera kwambiri. Tsegulani sizasi ndi kuitseka kangapo. Zitsulo zake zikhudzane bwino popanda mpata, ndipo zisagwedere. Sizasi yomangidwa ndi bawuti ndi yabwino, chifukwa mukhoza kuimasula, kuinola ndi kuimanganso. Pa sowo yang'anani mano ngati onse alipo, ndiponso ngati chogwirira chake n'cholimba. Chida chotsika mtengo chimene chimathyoka pakatha mwezi umodzi chimadya ndalama zambiri kuposa cholimba chimene chimakhala zaka khumi.

Mabanja angapo akhoza kusonkha ndalama ndi kugula sowo imodzi yomabwerekana. Makalabu a alimi ndi sukulu angachitenso chimodzimodzi. Sowo siigwira ntchito tsiku lililonse, choncho imodzi ikhoza kukwanira anthu ambiri.

Kusamala zida

Chida chabwino chikabuntha chimasanduka choipa. Mpeni wobuntha umatafuna nthambi m'malo moidula. Umatopetsanso munthu, ndipo poti amaukanikiza ndi mphamvu, suchedwa kuterereka ndi kumucheka. Mpeni ndi chikwanje timanola pa mwala wonolera kapena ndi tupa. Sizasi ya zitsulo zopitirirana timainola mbali imodzi yokha, mbali yopendekeka ija. Tikanola mbali yafulati, pakati pa zitsulo pamabwera mpata, ndipo sizasi imayamba kupana nthambi osaidula. Mano a sowo amanoledwa ndi munthu wodziwa.

Zida zikhalenso zaukhondo, chifukwa zimatha kunyamula matenda kuchokera pa mtengo wina kupita pa wina. M'chaka cha 2001 ku Uganda kunabuka matenda ofotetsa nthochi amene anawononga minda yambiri. Njira imodzi imene matendawo ankafalikira inali zikwanje ndi mipeni. Mlimi ankadula nthochi yodwala, kenaka n'kukadula yabwino ndi chikwanje chomwecho. Matenda ena a malalanje ndi mandimu amayendanso pa mipeni ndi masizasi.

Tsono mukadula nthambi yodwala, pukutani chida ndi kansalu koviika mu sipiriti musanapite pa mtengo wina. Ngati sipiriti palibe, munthu wamkulu asakanize muyezo umodzi wa jiki ndi miyezo 9 ya madzi, ndipo aviikemo chidacho. Jiki amadya chitsulo, choncho pambuyo pake chitsukeni ndi madzi ndi kuchipukuta. Nthambi zodwala zitenthedwe, zisasiyidwe pansi pa mtengo.

Ntchito ikatha, chotsani utomoni pa zida, ziumitseni, ndipo zipakeni mafuta pang'ono kuti zisachite dzimbiri. Zipachikeni m'nyumba pa malo ouma, pamene ana ang'onoang'ono sangafikire. Chida chogona pa mame sichikhalitsa.

Kupewa ngozi

Zida zonsezi ndi zakuthwa. Mwana asazigwiritse ntchito popanda kholo kapena mphunzitsi pafupi. Poyenda, sizasi ikhale yotseka ndipo mpeni uloze pansi. Popatsa mnzanu chida, mupatseni chogwirira, osati kukamwa kwake. Musamuponyere.

Wina akamadula nthambi ya pamwamba, ena onse aime patali. Makwerero agwiridwe ndi munthu wamkulu. Musanayambe ntchito, yang'anani ngati mu mtengomo mulibe njuchi, mavu kapena njoka. Nthambi imene yayandikira mawaya a magetsi musaikhudze konse, ngakhale ndi ndodo, chifukwa mtengo wauwisi umadutsa magetsi. Akuluakulu akadziwitse a ESCOM, amene ali ndi anthu odziwa ntchito imeneyo.

Ngakhale simunayambe kugwira sowo, pali zambiri zimene mungachite. Mukhoza kuthothola timphukira ta m'tsinde mwa timitengo ta pasukulu. Mukhoza kuonetsa aphunzitsi nthambi zouma ndi zopingasana. Mukhozanso kuleka kukhadzula nthambi pothyola mango ndi magwafa, pakuti dzanja lokhadzula limasiya bala loipa kuposa la chikwanje. Mitengo imene mukubzala chaka chino idzayamba kufuna sizasi musanamalize sukulu ya pulayimale. Pa nthawi imeneyo mudzakumbukire kuyamba mwayang'ana nthambi, kenaka n'kutenga chida choiyenera.

A. Yankhani mafunso awa

1. Kodi kutengulira mitengo n'kutani?
2. Tchulani zifukwa zitatu zotengulira mitengo.
3. Kodi bala la mtengo limasiyana bwanji ndi bala la munthu?
4. Kodi Alex Shigo anapeza zotani zokhudza kupaka penti pa bala la mtengo?
5. Ndi mafunso atatu ati amene tiyenera kudzifunsa tisanatenge chida?
6. N'chifukwa chiyani sowo ya kalipentala siyenera kudulira nthambi zaziwisi?
7. Fotokozani mmene timadulira nthambi yaikulu.
8. Kodi zida zimafalitsa bwanji matenda a mbewu?
9. Mungatani mutaona nthambi itayandikira mawaya a magetsi?

B. Perekani matanthauzo a mawu awa, ndipo muwagwiritse ntchito m'ziganizo zanuzanu

thunthu, mphako, utuchi, chitsa, utomoni, dzimbiri, kubuntha, kukhadzula

C. Lembani dzina la chida choyenera pa ntchito iliyonse

1. Kudula kanthambi konenepa ngati pensulo.
2. Kudula nthambi yaiwisi yonenepa ngati chala chachikulu.
3. Kudula nthambi ya mandimu yonenepa ngati mpini wa khasu.
4. Kudula nthambi yaikulu ya mango.
5. Kugwetsa mtengo wouma wa nkhuni.

D. Malizani ziganizo izi posankha mawu oyenera

1. Mpeni uwu ndi ______. (yakuthwa, wakuthwa, chakuthwa)
2. Chikwanje ______ chabuntha. (chathu, yathu, lathu)
3. Bala ______ limachedwa kutsekeka. (yaikulu, lalikulu, chachikulu)
4. Nthambi ______ zidulidwe. (zouma, louma, wouma)
5. Mano a sowo iyi ndi ______. (zazikulu, akuluakulu, ikuluikulu)

E. Miyambi

Pezani miyambi iwiri imene ili m'nkhaniyi. Fotokozani tanthauzo la mwambi uliwonse, ndipo munene nthawi ina imene mungaugwiritse ntchito.

F. Ntchito ya panja

Pitani ndi aphunzitsi anu kukaona mitengo ya pasukulu. Pezani mtengo umene uli ndi bala lotsekeka bwino, ndi wina umene uli ndi bala loola. Kambiranani chida chimene mukuganiza kuti chinadula pamenepo. Pezaninso khosi la nthambi, ndipo mulijambule m'makope mwanu. Mukabwerera m'kalasi, lembani ndime imodzi pa mutu wakuti: Mmene ndidzasamalire mtengo wanga.